Kodi Nkhalamba Isiye Nyumba Yace Yaikuru?

Abale, ana akakula namanga zao, nyumba yaikuru isanduka katundu kwa nkhalamba. Udzu wofolera ufunika wambiri, ciswe cidya mitengo, ndipo mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace ena ati, Atate asamukire m'kanyumba. Pamenepo pali nzeru ndithu, pakuti kanyumba kafunda ndi nkhuni zowerengeka, ndi kuzira kwace sikuthyola msana.

Koma tidziyese mumtima. Kodi tifuna kupumitsa atate, kapena tikhumbira nyumbayo? Munthu amene anaumba njerwa ndi manja ace, nalera ana pakhondepo, asaturutsidwe monga mbuzi m'khola. Asankhe yekha. Akalola, kanyumbako kamangidwe pafupi, kuti mdzukulu amve akaitana usiku. Kucepa kwa nyumba sikucititsa manyazi, koma kusiya kholo lokha ndiko kulakwa.