Mpando ndi wobwereka: zomwe zimachitika kuseri kwa kamera



Abale ndi alongo, ambiri timaonera pa YouTube tizidutswa ta mapulogalamu a usiku a ku America: munthu wavala suti, wakhala pa desiki, akucheza ndi anthu otchuka, omvera akufa nako kuseka. Lero tiyeni tisuzumire kuseri kwa kusekako.

Pulogalamu yakale kwambiri mwa amenewa ndi The Tonight Show ya kanema wa NBC, yomwe imayamba 11:35 usiku. Johnny Carson anaiyendetsa zaka 30, kuchokera 1962 mpaka 1992. Iye akupuma, ambiri ankayembekezera kuti mpando upita kwa David Letterman, yemwe pulogalamu yake inkabwera Carson akangomaliza. Koma mabwana anasankha Jay Leno. Awiriwa ankadziwana kuyambira m'ma 1970, ali anyamata osatchuka ochita nthabwala ku Los Angeles, koma ubale wawo unazilala chifukwa cha mpandowo. Mabwana aja atayamba kukayika ngati anasankha bwino, Leno anabisala m'kachipinda ku maofesi a NBC n'kumamvetsera zomwe iwo ankakambirana pa foni. Mwini wake anadzavomera zimenezi. Letterman anasamukira ku CBS mu 1993, ndipo pafupifupi zaka 20 awiriwa ankalimbirana owonera pa ola limodzi.

Nkhani sinathere pomwepo. Mu 2004 NBC inalonjeza Conan O'Brien kuti adzalowa m'malo mwa Leno mu 2009. Anadikira zaka 5, anasamuka ku New York kupita ku Los Angeles pamodzi ndi antchito ake ndi mabanja awo. Patangotha miyezi 7, mabwana anafuna kubwezera Leno pa 11:35 n'kukankhira Conan ku 12:05. Conan anakana, nachoka mu January 2010. Leno anabwerera, koma mu 2014 nayenso anasiyira Jimmy Fallon.

Sitikuweruza mitima ya anthu amenewa, wodziwa zam'mitima ndi Allah yekha. Funso lili kwa ife: kodi matenda amenewa ife tilibe? Mipando yathu ndi yaing'ono, koma moto wake ndi womwewo. Ndani akhale tcheyamani wa komiti ya achinyamata? Ndani agwire maiki pa Ijtima? Ndani atsogolere Taraweeh? Pamaso timapatsana salaam ndi kumwetulira, kumbali tikutumizirana ma screenshot a m'bale wathu kuti agwe. Kachipinda kobisalamo ka masiku ano kali m'foni mwathu.

Mu Surah Al-Hujurat ndime 12, Allah (Subhaanahu wa Ta'ala) watiletsa zinthu zitatu pamodzi: kuganizirana zoipa, kufufuzana mobisa, ndi kujedana. Wolimbirana mpando amazichita zonsezi motsatana. Amayamba kukayikira mnzake, kenako kumuzonda, mapeto ake kumuipitsira mbiri. Muzu wake ndi hasad, kaduka kaja kanachititsa Qabil kupha m'bale wake, ndi abale a Yusuf (alayhi salaam) kumuponya m'chitsime.

Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) analangiza Abdurrahman bin Samurah kuti asapemphe utsogoleri, chifukwa woupeza pochita kuupempha amasiyidwa nawo yekha, pomwe wopatsidwa osaupempha amathandizidwa. Ganizirani kulemera kwa kusiyidwa wekha. Mpando umene waupeza ndi machenjera uyeneranso kuulondera ndi machenjera, tulo osabwera.

Nanga ukachotsedwa? Khalid bin Walid (Radhiya Allahu anhu) anali mkulu wa asilikali a Chisilamu ku Shaam, wopambana nkhondo zambiri. Umar anamuchotsa n'kuikapo Abu Ubaidah. Khalid sanagawe gulu, sanakoke anthu kuti akhale mbali yake. Anapitiriza ntchito pansi pa amene anamulowa m'malo. Ankatumikira Allah, ndipo kusintha kwa mpando sikunasinthe amene ankamutumikira.

Kufuna kuchita bwino si tchimo. Qur'an imatilimbikitsa kupikisana pa zabwino. Koma dziyeseni ndi mafunso awa: mnzanga akasankhidwa m'malo mwanga, ndingamuchitire duwa mochokera pansi pa mtima? Ndipitiriza kubwera kudzayala mikeka ngakhale dzina langa silitchulidwa? Ndipo inu muli ndi mphamvu zosankha ena, lonjezo ndi amaanah. Musamuuze munthu kuti dikira, kenako n'kumutembenukira, chifukwa kumbuyo kwake kuli anthu odalira mawu anuwo.

Carson, Letterman, Leno ndi Conan onse anachoka pa madesiki awo, ndipo pa 11:35 pakhala ena. Riziki lanu silidzapita kwa wina, ndipo la wina simungalilande pomuzonda. Ngati pali m'bale amene mukumusungira chakukhosi chifukwa cha udindo, mtchuleni mu duwa yanu usiku uno musanagone.

Allah ayeretse mitima yathu ku kaduka, atipatse ikhlaas pa ntchito zathu, ndipo atikhululukire zoonekera ndi zobisika. Aameen.