Galimoto yokalamba ndi mtengo wake

Pa 5 Meyi 2022, mumzinda wa Stuttgart ku Germany, galimoto imodzi inagulitsidwa pa okushoni pa mayuro 135 miliyoni. Inali Mercedes-Benz 300 SLR ya mu 1955, ya mipando iwiri. Kampani inapanga ziwiri zokha za mtundu umenewo, ndipo zimadziwika ndi dzina la injiniya wake, Rudolf Uhlenhaut. Imodzi inatsala m'nyumba yosungiramo zakale ya kampaniyo, inayo inatengedwa ndi munthu amene dzina lake silinalengezedwe. Kufika tsikulo panalibe galimoto imene inagulidwapo ndi ndalama zochuluka chonchi pa okushoni.

Ine ndine makaniko wa pa Kalomwe, m'mbali mwa msewu wochokera ku Tete wolowa ku Dedza, ndipo nkhaniyi yandisowetsa mtendere chifukwa ikutsutsana ndi zimene manja anga amadziwa. Kuno ukalamba umatsitsa mtengo. Galimoto zakale zochokera ku Japan zimene timaziona zikudutsa pachipata, zambiri zinachokeranso pa okushoni, koma wogula amafunsa chaka, amafunsa makilomita, amagwada kusuzumira dzimbiri pansi. Chaka chilichonse chimachotsako ndalama, mpaka tsiku limene ogula zitsulo zakutha adzabwere ndi sikelo. Nanga zimatheka bwanji kuti kwina ukalamba womwewo uzikweza mtengo? Kodi kufunika kwa chinthu kumakhala m'chinthumo, kapena m'maso mwa wochifuna? Funso limeneli si la pagalaja pokha, limafika mpaka m'tchalitchi.

Pa okushoni wogulitsa amaika ndalama imene sangalole kutsikirapo, ogula n'kumapikisana, ndipo wopambana amalipiranso gawo lina kwa kampani yoyendetsa msikawo. Mtengo womaliza umapangidwa ndi anthu awiri okha, amene anatsala osafuna kugonjerana. Mmodzi akanadwala malungo tsikulo, galimoto yomweyo ikanapita ndi ndalama zochepa, injini yake osasintha ngakhale bawuti imodzi. Abale athu a ku Malawi amene anaimapo pafupi ndi mabelo awo a fodya ku Kanengo amazidziwa izi: thukuta la chaka chonse limakhala lomwelo, koma mtengo umatsatira njala ya ogula m'mawa umenewo. Choncho mayuro 135 miliyoni akutiuza zambiri za matumba ndi mitima ya ogula awiri aja, ndi zochepa za galimotoyo.

Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anaiona nkhaniyi kalekale. M'buku lake la Mzinda wa Mulungu, limene analilemba pakati pa zaka za 413 ndi 426, anafotokoza kuti pamsika wa m'nthawi yake hatchi inkatha kudula kuposa kapolo, ndipo mwala wonyezimira unkadula kuposa mdzakazi. Iye ankasiyanitsa miyeso: mmene Mulungu anasanjira zolengedwa, pamene chamoyo chimaposa chopanda moyo, ndi mmene ife timaziyezera potsata zosowa ndi zilakolako zathu. Miyeso iwiriyi simagwirizana kawirikawiri, ndipo tchimo limalowa pamene munthu ayamba kukhulupirira kuti muyeso wa pamsika ndiwo wa Mulungu.

Malume anga anali ndi Peugeot 404 ya pikapu, yoyera, ya giya wa pachiwongolero. Ndi pa iyo ndinaphunzirira kugwira sipanala. Inkanyamula matumba a kachewere kupita nawo ku Dedza ndi ku Ulongwe, koma ntchito yake yeniyeni inali ya usiku. Mayi akadwala matenda a kumudzi, amuna ankabwera kudzagogoda, malume n'kudzuka osafunsa za mafuta. Maliro akachitika kutali, bokosi linkabwera pa iyo, amayi atakhala m'mbali akuimba. Nkhondo ya pachiweniweni ya kwathu kuno itafika pachimake m'zaka za m'ma 1980, anthu a ku Angónia akuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, inanyamula agogo amene sakanatha kuyenda pansi, pamodzi ndi mphasa, miphika ndi mbuzi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, inabwezanso ena mwa anthu omwewo, ndi malata a nyumba zatsopano. Kenaka injini inatopa, zipangizo zinasowa, inakhala pamiyala kuseri kwa nyumba. Malume atatisiya, inagulitsidwa pa kilo. Ndalama yake sinakwane kugula ng'ombe.

Mercedes ya ku Stuttgart sinapikisanepo pa mpikisano umene anaipangira, chifukwa kampani inasiya mipikisano kumapeto kwa 1955, chaka chimene ngozi ya ku Le Mans inapha anthu oposa 80. Peugeot ya malume inapulumutsa miyoyo imene ndingathe kuitchula mayina. Msika unati yoyamba ndi ya mamiliyoni, yachiwiri ndi ya pasikelo. Ine ndikuti msika unalakwitsa, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Komabe pali nkhani ya m'Uthenga Wabwino imene imandigwira dzanja ndisanaweruze. Ku Betaniya, Mariya anadzoza mapazi a Yesu ndi mafuta a nardo, amene mtengo wake unali madinari 300, pafupifupi malipiro a chaka chonse a waganyu. Amene anadandaula kuti ndalamazo zikanathandiza osauka anali Yudasi, ndipo Yesu anaikira kumbuyo mayiyo. Ndikamawerengera kuti mayuro 135 miliyoni angamange zipatala zingati kuyambira ku Domwe mpaka ku Tsangano, ndimadzifunsa ngati sindikuyankhula ndi pakamwa pa Yudasi. Munthu sakhala ndi nsima yokha. Ntchito yokongola ya manja ili ndi ulemu wake, ndipo ine monga makaniko ndimagwada mumtima ndikaganiza za amisiri amene anasula injini imeneyo popanda kompyuta. Tiyeneranso kunena zoona: kampani inalengeza kuti ndalamazo zipita ku thumba lolipirira maphunziro a achinyamata, ndipo wogulayo anavomera kuti galimotoyo izionetsedwa kwa anthu nthawi zina.

Koma taonani chimene Mariya anachita ndi mafuta aja. Anawathira, anatha, fungo linadzaza nyumba ndipo aliyense analimva. Sanawatsekere m'bokosi kudikira kuti mtengo ukwere. Galimoto zambiri zodula za pa okushoni zimagulidwa kuti zisayende, chifukwa kilomita iliyonse imatsitsa mtengo. Ferrari 250 GTO ya mu 1962, imodzi mwa 36 zokha, inagulidwa madola 48.4 miliyoni ku Monterey mu 2018, ndipo galimoto zotere ambiri amazigula monga posungira chuma. Mu 2019, pafupi ndi Geneva, anagulitsa galimoto 25 zimene boma la Switzerland linalanda kwa Teodoro Nguema Obiang Mangue, mwana wa pulezidenti wa Equatorial Guinea. Zambiri zinali zitayenda pang'ono chabe. Zinkangokhala m'magalaja a ku Ulaya pamene kwawo anthu ambiri ali pa umphawi. Apa palibe chikondi cha Mariya, pali nkhokwe za wachuma uja wa m'fanizo la Yesu amene anafa usiku womwewo.

Ndiye mukandifunsa ngati mitengo ya pa okushoni ili yoyenera, yankho langa lili pawiri. Munthu wogula galimoto yakale chifukwa amaikonda, n'kumaiyendetsa, kuikonza, kulola ana kuikhudza, walipira chinthu chenicheni, ngakhale atawonjeza. Wogula kuti aitsekere mpaka adzapeze wolemera kumuposa, wagula mpweya, ndipo tsiku limene olemera adzatembenukire ku chinthu china adzatsala ndi chitsulo chimene ndimachidziwa ine.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha kwathu kuno. Anthu a ku Ulaya, ndi zolakwa zawo zonse, amadziwa kuti chinthu chakale chimasunga mbiri. Ife tapereka kwa a sikelo ma Land Rover a ku mishoni, ma Bedford amene ankanyamula chimanga, ma Peugeot amene anaoloka nafe malire. Mwana wobadwa pambuyo pa 1992 alibe choti akhudze kuti amvetse mmene agogo ake anathawira. Ndikupempha akuluakulu a mipingo, mafumu athu ndi akuluakulu a tawuni ya Ulongwe: galimoto za nthawi ya nkhondo zikadalipo zowerengeka kuseri kwa nyumba za anthu. Gulani imodzi kwa eni ake pa mtengo woposa wa sikelo, muiike pansi pa denga pamalo pofika ana a sukulu, mulembe mayina a midzi imene inatumikira. Ntchito yoikonza ndi kuipaka utoto ndidzaigwira ine, kwaulere.