Lendi ya nyumba za boma: mfundo zofunika kwa ife a ku Milange

Pa 3 Febuluwale 1976, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse zochititsa lendi m'dziko la Mozambique zakhala za boma. Munthu analoledwa kutsala ndi nyumba yokhalamo iye mwini ndi ina yopumulirako, koma kuchititsa lendi kunaletsedwa. Kenako boma linakhazikitsa bungwe la APIE kuti lizigawa nyumbazo, kuzikonza ndi kutolera lendi. Kuno ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, nyumba zotere zinali zochepa poyerekeza ndi ku Maputo, Beira kapena Quelimane. Komabe mphunzitsi kapena namwino amene watumizidwa kuno kuchokera ku Mocuba, n'kuyamba kuzungulira m'makwalala kufunsa chipinda, akukolola zimene zinafesedwa nthawi imeneyo.

1. Poika lendi, boma liyambe layang'ana m'thumba mwa wolipira. Apa APIE inayamba bwino. Lendi inkatengera malipiro a wokhalamo ndi mtundu wa nyumba, ndipo mabanja amene m'nthawi ya Apwitikizi ankangolowa m'nyumba za simenti kudzakolopa ndi kuchapa anayamba kugonamo ngati eni. Chimenecho chinali chilungamo, ndipo aliyense wonyoza zaka zimenezo ayenera kukumbukira kuti anthu ambiri anaona koyamba mpopi wa madzi m'nyumba mwawo chifukwa cha lamulo limeneli.

2. Lendi ikangoima malo amodzi zinthu zina zonse zikukwera, nyumba ndi imene imavutika. Walira mvula walira matope: boma litatenga nyumba, linatenganso malata odontha, mapaipi otsekeka ndi makoma ong'aluka. Ndalama zotoleredwa sizinkakwanira kukonza zonsezo, ndipo nkhondo yapachiweniweni itakula zinthu zinafika poipa. Milange yeniyeniyo inagwa m'manja mwa gulu la Renamo, limene linkamenyana ndi boma, mu 1986, anthu n'kuthawira ku Mulanje kudzera pa Muloza, ndipo pobwerera ambiri anapeza nyumba zopanda zitseko, mawindo ngakhale madenga. Mu 1987 boma linayamba ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE, metikali inagwa mphamvu, ndipo simenti ndi malata zinakwera mtengo mwaliwiro loti lendi sikanalipeza. Amene analowapo m'nyumba ya boma yakale nthawi ya dzinja amadziwa zotsatira zake: mabeseni atatu pabalaza, bedi litakankhidwira pakona pouma, siling'i itachita mimba ndi madzi, ndipo mayi wapanyumba akukuuzani kuti anakanena kale kuofesi koma anangouzidwa kuti ndalama kulibe. Banja limenelo likulipira zochepa mwezi ukatha, inde, koma likulipiranso ndi chifuwa cha ana.

3. Lendi yotsikitsitsa sikhala nthawi yaitali m'manja mwa wosauka. M'mizinda ikuluikulu munabuka malonda a makiyi: wolembedwa m'buku la APIE ankalandira ndalama zambiri kwa munthu wina, kumupatsa makiyi, iye n'kusamukira kunja kwa tauni. Ena ankachititsa lendi zipinda mobisa pa mtengo woposa kangapo umene iwo ankapereka ku boma. Phindu limene likanakonza denga linkalowa m'thumba mwa munthu mmodzi, ndipo nyumba yabwino inkapita kwa amene ali ndi ndalama kapena m'bale wake muofesi.

4. Kukweza lendi n'kololeka, koma kudzidzimutsa anthu nako ndi nkhanza. Boma likakhala chete zaka khumi kenako n'kubwera ndi kalata yoti mwezi wamawa mulipira kawiri, limalanga wokhalamo chifukwa cha ulesi wa boma lomwelo. Bwino n'kukweza pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, potsatira lamulo lolembedwa limene aliyense angathe kuliwerenga ndi kudziwerengera yekha, chenjezo likubwera miyezi ingapo zisanachitike. Izi n'zofunika koposa m'boma la m'malire ngati lathu, kumene ndalama za anthu ambiri sizibwera pa mwezi. Zimabwera ndi chimanga, nyemba ndi nandolo, ndipo zimadalira zimene zasankhidwa kutali. Mu 2017 dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa kumeneko, mtengo unagwa ndipo alimi a ku Zambezia anatsala ndi matumba m'nyumba. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo wamalonda wa ku Milange amene anagulitsa katundu wake m'makwacha anadzuka ali ndi ndalama zosakwanira lendi imene amalipira m'mametikali. Wolemba mitengo ali ku Maputo sangaone zimenezi pokhapokha atafunsa. Afunse.

5. Kugulitsa nyumba za boma kunathandiza amene anali kale m'kati, koma kunatseka khomo kwa obwera pambuyo. Lamulo la 1991 linalola Amozambiki okhala m'nyumba za APIE kuzigula, ndipo ambiri anazigula motsika mtengo. Sitingawachitire nsanje. Chovuta n'chakuti nyumba zogulitsidwazo sizinalowedwe m'malo ndi zina za lendi yotsika. Bungwe la Fundo para o Fomento de Habitação, limene linakhazikitsidwa mu 1995, limathandiza kwambiri amene angathe kugula kapena kubweza ngongole mwezi ndi mwezi, kutanthauza olandira malipiro okhazikika. Mayi wogulitsa tomato pamsika sali m'gulu limenelo. Iye amapita kwa landilodi wamba, amene amakweza lendi pamene wafunira, nthawi zambiri popanda pepala lililonse losainirana. Msewu wa ku Mocuba utaikidwa phula tauni yathu inakula, ofuna zipinda anachuluka, ndipo boma lilibe nyumba zokwanira zoti mtengo wake ukhale muyezo woletsa ena kupitirira.

6. Wokweza lendi aonetse kumene ndalama zapita. Anthu amakana kukwera kwa lendi makamaka chifukwa chaka chatha analipira ndipo palibe mmisiri anabwera. Abale athu a ku Nkolokosa ndi Chitawira mumzinda wa Blantyre, okhala m'nyumba za Malawi Housing Corporation imene inayamba mu 1964, amadziwa mkangano womwewu. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023 ndi kugwetsa nyumba mbali zonse ziwiri za malire, zinaonekeratu kuti denga lolimba limapulumutsa moyo. Choncho kalata yokweza lendi ibwere ndi pepala lachiwiri lonena nyumba zimene zikonzedwe chaka chino, ndalama zimene zipite ku malata ndi mapaipi, ndi tsiku limene ntchito iyambe. Pepalalo limatidwe pakhomo la ofesi, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, ndipo wokhalamo amene denga lake silinakonzedwe pofika tsikulo aloledwe kupitiriza kulipira lendi yakale mpaka mmisiri atabwera.