Kunyamula kalata sikuiwerenga

Kalata iliyonse ili ndi eni ake awiri: woilemba ndi woilandira. Wina aliyense woigwira ndi mthenga cabe. Makolo athu anali kuidziwa bwino mfundo imeneyi. Amuna a ku Petauke ndi ku Nyimba atapita kukagwira nchito kumigodi ya Kabwe ndi Copperbelt, kapena ku Southern Rhodesia, makalata awo anali kufika m'midzi momwe odziwa kuwerenga anali ocepa. Anali kuitana mwana wa sukulu kapena mphunzitsi kuti awerengere banja. Wowerengayo anali kumva za nkhongole, za matenda, ngakhale za mkazi wina wa kukomboni. Amene anali kuitanidwa kawiri ndi uja amene akapinda pepala anali kutsekanso pakamwa.

Nchito ya mthenga ikalipo, kungoti yagwera ife odziwako za kompyuta. Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mu ZamNet, imene inabadwira pa University of Zambia. Anthu amene anayamba kulemba maimelo m'maofesi zaka zimenezo tsopano anapuma nchito, ena anatisiya. Ambiri anali kugwiritsa nchito pulogramu ya Outlook Express, imene nthawi zambiri inali kukoka maimelo ndi kuwasunga m'kompyuta momwemo, osasiyako ena pa intaneti. Ndiye kuti makinawo akafa, makalata a zaka zambiri afera pamodzi nawo. Ndipo makina otero ndi okalambadi: kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu April 2014.

Kusamutsa maimelo otero sikovuta kwenikweni. Umaika pulogramu ya Thunderbird m'kompyuta yakaleyo, umaiuza kuti itenge zonse za mu Outlook Express, umakopera foda yake pa flashi, kenako umaitsitsira m'kompyuta yatsopano. Pomaliza umayerekeza ciwerengero ca maimelo uku ndi uku. Taonani kuti pa masitepe onsewa palibe pamene ufunika kutsegula imelo ngakhale imodzi. Wowerenga wa kumudzi uja sakanathandiza banja popanda kumva cinsinsi. Ife tingathe kuthandiza osamva kanthu. Conco tikawerenga, tawerenga cifukwa tafuna.

Funso limeneli linandipeza pamaliro a amalume anga, amene atapuma nchito ku Lusaka anabwerera kwathu m'dera la Amfumu a Nyampande. Anasiya kompyuta imene inali kuyaka mocita kunyengerera, ndipo akubanja anandipempha kuti ndipulumutse za m'katimo. Ndili pakati pa nchitoyo, mwana wawo wamkulu anati, "Asuweni, popeza mwatsegula kale, tawerengani zonse. Mwina atate analembapo za puloti ija ya ku boma." Pempho lake linali ndi maziko. Puloti inali kukanganiridwa, ndipo ana ang'ono a malemuwo akanatha kuluza.

Ena amati womwalira alibenso manyazi, ndiye palibe cobisa. Amatinso katundu wa malemu ndi wa otsala. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawadi cuma ca munthu wosasiya wilo: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Kompyuta ingalowe m'gulu la katundu. Koma mau a m'katimo sangagawidwe motero, cifukwa theka lake si la malemu. M'bokosi la maimelo la munthu mmodzi muli mnzake amene anamuululira za matenda ake, mlongo amene anadandaula za ukwati wake, mwana wa m'bale amene anapempha fizi mobisa. Anthu amenewa ali moyo, ndipo ena tinali kudya nawo nsima pamaliro pomwepo. Analembera munthu mmodzi, sanalembere msonkhano wa banja.

Palinso ciyeso cina cimene cimaoneka ngati cifundo: kufufuta. Mthenga akaona imelo imene ingalize mkazi wamasiye, dzanja limayabwa kuti aicotse. Koma wong'amba kalata ndi woisuzumira alakwa mofanana, cifukwa onse adziika pa mpando wa mwini. Ndine yani ine kuti ndisankhe mbali ya moyo wa amalume imene iyenera kutsala? Komanso cimene lero cikucititsa manyazi, kwa adzukulu cingadzakhale mbiri. Makalata a kumigodi aja, amene anapulumuka ku ciswe, lero amatiuza za moyo wa agogo athu zimene malipoti a atsamunda sanalembe.

Ine ndimaona kuti pali zinthu zitatu zimene timazisokoneza: kusunga, kufufuza ndi kuwerenga. Kusunga ndi udindo wa mthenga, ndipo asunge zonse mosasankha. Kufufuza kumaloledwa pakakhala cosowa cenicheni, koma kukhale kopapatiza ndi kwa poyera. Kuwerenga kongofuna kudziwa kuti munthu anali wotani pamene ife panalibe, kumeneko si kwa mthenga.

Ndi mmene tinacitira. Ndinasamutsa zonse. Kenako tinakhala atatu: ine, mkazi wa amalume, ndi amene banja linasankha kuyang'anira cuma. Tinalemba mau oti puloti ndi dzina la khonsolo m'malo ofufuzira, ndipo tinatsegula okhawo amene anatuluka. Flashi ndinaipereka kwa amai aja. Ndinati, "Amai, zonse zili umu. Ine sindinawerenge, ndipo sindinasunge kope." Sindinganene kuti aliyense anakondwa. Msuweni wanga akuganizabe kuti mwina pali imelo imene kufufuza kwathu kunaiphonya, ndipo mwina akunena zoona. Umenewo ndiwo mtengo wake, ndipo ndikuona kuti ndi wocepa pouyerekeza ndi kuvula anthu amoyo amene sangadziteteze cifukwa sakudziwa n'komwe kuti akuwerengedwa.

Inu acinyamata mungati nkhaniyi ndi ya madala a Outlook Express. Koma foni ili m'thumba mwanu ili ndi makalata ambiri kuposa onse amene agogo anu analandira moyo wawo wonse. Tsiku lina idzagwiridwa ndi wokonza mafoni pamsika, kapena ndi mng'ono wanu inu kulibe. Ndipo makampani sadikira: kuyambira mu December 2023, Google inayamba kufufuta maakaunti amene atha zaka ziwiri osagwiritsidwa nchito. Ngati simusankha nokha, makina kapena acibale adzakusankhirani.

Conco citani nchito ya mwini mukali eni. Zimene mufuna kuti zitsale, monga mapepala a malo, a sukulu ndi a nkhongole, ziikeni pa zokha ndipo uzani munthu mmodzi wokhulupirika kumene zili. Zinsinsi za anzanu zimene zinatha nchito, fufutani nokha, pakuti inu muli ndi ufulu umene mthenga alibe. Ndipo agogo kapena aneba akakupatsani foni kuti muwasamutsire zinthu, samutsani, yerekezani ciwerengero, bwezani.