Envulopu Yomata

M'chaka cha 1940, asilikali a Britain atathawa ku Dunkirk ndi kusiya zida zawo zambiri pagombe la France, boma la Winston Churchill linayembekezera kuti ankhondo a Germany aoloka nyanja tsiku lililonse. Pamenepo Colin Gubbins anapatsidwa ntchito yokhazikitsa magulu achinsinsi otchedwa Auxiliary Units. Analemba alimi, alenje ndi ogwira ntchito m'nkhalango, anthu odziwa dera lawo ngakhale mumdima, onse pamodzi pafupifupi 3,500, ndipo ambiri anaphunzitsidwa ku Coleshill House. Kagulu kalikonse, ka amuna anayi kufikira asanu ndi atatu, kanali ndi chipinda chokumbidwa pansi pa nthaka, mosungira zophulitsira, mipeni ndi chakudya cha masabata awiri okha. Akuluakulu awo sanayembekezere kuti amunawo adzakhala ndi moyo kupitirira pamenepo.

Kulimba mtima kwawo sitikukayikira. Chotivutitsa ndi ichi: ena mwa iwo anafotokoza atakalamba kuti anapatsidwa envulopu yomata, yoti aitsegule mdani akangofika. M'katimo munali maina a anthu oyenera kuphedwa poyamba, ndipo ena mwa anthuwo sanali adani ayi, koma anansi, monga mkulu wa apolisi amene ankadziwa maina a amuna a m'kaguluko. Mlandu wake unali umodzi: atagwidwa ndi kuzunzidwa, angaulule.

Masamu ake ndi osavuta: afe mmodzi kuti asanu ndi atatu apulumuke. Werengani Yohane 11:49, 50, ndipo mudzaona kuti Kayafa anawerengera chimodzimodzi. Koma taonani bwino. Munthuyo akuweruzidwa chifukwa cha cholakwa chimene sanachite, chimene mwina sakanachita konse. Jean Moulin, mtsogoleri wa magulu okana ulamuliro wa Germany ku France, anazunzidwa mu 1943 kufikira imfa, osaulula anzake. Ndani akanadziwiratu zimenezo ndi kuzilemba m'envulopu?

Wina adzati nkwapafupi kuweruza tili pamtendere, titakhuta. Nzoona, ndipo tiyenera kulankhula modzichepetsa, pakuti ambiri anaululadi pozunzidwa, ndipo mabanja ambiri anatha chifukwa cha chimenecho. Komabe amunawa analumbira kuteteza dziko limene munthu saphedwa popanda kuzengedwa mlandu. Akanapha mnansi wosalakwa pa tsiku loyamba, akanayamba ndi kugwetsa okha chimene analumbirira.

Mdani sanafike. Mu September 1940 Hitler anaimitsa chikonzero chake choukira Britain, ndipo maguluwo anathetsedwa mu November 1944. Amunawo anabwerera kuminda yawo, osauza ngakhale akazi awo, napitiriza kupatsana moni pamsewu ndi anthu amene mwina maina awo anali m'envulopumo.

Werengani Mateyu 5:21, 22. Kodi lamulo lachisanu ndi chimodzi likanasweka pa tsiku lotsegula envulopuyo, kapena linasweka kale pa tsiku limene munthu anailandira, navomereza mumtima mwake kuchita zolembedwamo asanaziwerenge?