Mantha a mliri: kusamala ndi kusala n'zosiyana

Pa 22 Marichi 2020, 5 koloko madzulo, anthu a ku India anatuluka pamakhonde n'kuyamba kuwomba m'manja ndi kumenya mbale pothokoza madokotala ndi anamwino amene ankalimbana ndi Covid-19. Anawapempha kutero ndi nduna yaikulu ya dzikolo, a Narendra Modi. Koma m'masiku omwewo, madokotala a ku Delhi analembera boma kudandaula kuti eni nyumba ena akuthamangitsa ogwira ntchito zachipatala m'nyumba za lendi poopa matenda.

Mu Epulo zinafika poipa. Ku Chennai kunamwalira dokotala wina, a Simon Hercules, atatenga kachiromboka. Ambulansi yonyamula thupi lawo itafika kumanda, anthu okhala pafupi anaigenda ndi miyala, n'kuvulaza amene anali momwemo. Dokotala mnzawo anabwerera kumandako pakati pa usiku, apolisi akumuperekeza, ndipo anakwirira malirowo mothandizidwa ndi anthu awiri okha.

Funso ndi ili: kodi munthu akachitira mnzake choipa chifukwa cha mantha, ali ndi mlandu?

Choyamba, mantha amenewa sanali opanda maziko. Katemera kunalibe, mankhwala odalirika kunalibenso. Pa 24 Marichi boma linalamula anthu oposa 1.3 biliyoni kuti akhale m'nyumba kwa masiku 21, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito patangopita maola anayi. Mabasi ndi sitima zonyamula anthu zinaima. Aganyu a m'mizinda, ntchito itawathera, anayamba kubwerera kwawo wapansi, ena makilomita mazanamazana. Pa 8 Meyi, pafupi ndi Aurangabad, 16 mwa iwo anagundidwa ndi sitima ya katundu atagona panjanji chifukwa chotopa. Pa WhatsApp, mphekesera zinkayenda usana ndi usiku. Munthu wosachita mantha pa nthawi yotere akanakhala wosaganiza bwino.

Thomas Aquinas anaphunzitsa kuti mantha paokha si tchimo, chifukwa n'chibadwa kuthawa chimene chingawononge moyo. Mantha amasanduka tchimo pamene amuchititsa munthu kusiya chimene nzeru zabwino zikumuuza kuti achite. Anaphunzitsanso kuti mantha aakulu amachepetsa mlandu wa munthu, koma choipa chimene wachitacho sichisanduka chabwino. Choncho anthu a ku Chennai aja tingawamvetse, koma kugenda maliro kumakhalabe kulakwa.

Vuto la mliri ndi lakuti kachirombo sikaoneka, pomwe mtima wamantha umafuna chinthu chooneka choti uloze chala. Ku India chala chinaloza madokotala. Chinalozanso Asilamu ambiri osalakwa, matenda atafalikira pa msonkhano wa gulu la Tablighi Jamaat ku Delhi mu Marichi 2020. Anthu ochokera kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo ankatchedwa "corona" m'misewu chifukwa cha maonekedwe a nkhope zawo. Amalawi amene akukumbukira mmene odwala Edzi ankasalidwira sangadabwe nazo zimenezi.

Wina anganene kuti kholo lili ndi udindo woteteza ana ake, ndipo ndi bwino kulakwira mlendo kusiyana ndi kulira maliro pakhomo. Udindowo ndi woona. Koma pali mafunso awiri amene amasiyanitsa kusamala ndi kusala. Loyamba: kodi chimene munthu akuchitacho chikuchepetsadi ngozi? Kusamba m'manja, kuvala masiki ndi kukhala motalikirana kunkathandiza. Kugenda ambulansi sikunateteze mwana wa aliyense, ndipo bungwe la WHO linali litanena kale kuti panalibe umboni woti wina anatenga matendawa kuchokera ku mtembo. Lachiwiri: kodi mnzakeyo akutsala ndi pogona, chakudya ndi ulemu wake? Wosamala amaikira wodwala chakudya pakhomo n'kumufunsa mmene wadzukira ali chapatali. Wosala amafuna kuti wodwalayo asaonekenso.

Dziko lomwelo linaonetsanso njira ina. Mu Epulo ndi Meyi 2021 mliri unabweranso mwamphamvu, mpaka anthu oposa 400,000 ankapezeka ndi kachiromboka pa tsiku limodzi, ndipo mpweya wa okosijeni unasowa m'zipatala. A chipembedzo cha Sikh ku Indirapuram, pafupi ndi Delhi, anayamba kupereka mpweyawu kwaulere kunja kwa nyumba yawo yopemphereramo, kwa aliyense wobanika, osafunsa chipembedzo chake. Nawonso anali ndi ana kunyumba, nawonso ankadziwa kuopsa kwa matendawa. Anavala masiki n'kugwira ntchito.

Mpingo umawerenga kuyendera odwala ndi kuika maliro pakati pa ntchito zachifundo, ndipo umakumbukira Tobiti, amene ankaika anthu akufa mobisa ku Nineve ngakhale moyo wake unali pangozi. Si aliyense angakhale ngati Tobiti kapena dokotala wa ku Chennai uja. Koma aliyense angathe kusiya kutumiza uthenga wa pafoni umene sanautsimikize, kukana kuloza chala mtundu wa anthu, ndi kumusiya namwino kuti agone m'nyumba imene akulipira lendi. Mliri wina ukadzabwera, mantha adzabweranso, ndipo munthu adzayankha pa zimene anachitira mnzake pamene ankaopa.