Kodi Kugulidwa Kwambiri kwa Chimbale Kumatsimikiza Ubwino Wake?

Mu 1986 gulu loimba la ku Sweden lotchedwa Europe, lomwe linayambira m'tauni ya Upplands Väsby mu 1979, linatulutsa chimbale chake chachitatu, The Final Countdown, cha mtundu wa nyimbo wa glam metal, umene umaphatikiza magitala olira mwamphamvu, maimbidwe osavuta kuloweza ndi zovala zonyezimira za oimba. Chimbalecho chinafika pa nambala 1 ku Sweden ndi pa nambala 8 pa mndandanda wa Billboard 200 ku America, pomwe nyimbo imene chinatengerako dzina inatsogola m'mayiko 25, kuphatikizapo Britain. Popeza mndandanda wotere unkawerenga zimbale zogulidwa sabata iliyonse, nkoyenera kufunsa ngati kuchuluka kwa ogula kungaweruze ubwino wa ntchito ya luso.

Woimba gitala wa gululo, John Norum, anayankha pochoka m'gululo chaka chomwecho chisanathe, chifukwa sanakondwe kuti kiyibodi inakwirira gitala yake ndiponso kuti zamalonda zinayamba kulamulira zoimba.

David Hume, katswiri wa filosofi wa ku Scotland, analemba mu 1757 kuti ngakhale munthu aliyense ali ndi zokonda zake, si onse amene amaweruza molondola, pakuti woweruza weniweni ndi amene wazolowera luso, wafananiza ntchito zambiri, ndipo alibe kukondera. Anawonjezanso kuti ntchito yabwino imadziwika pokondedwabe m'mibadwo ndi m'mitundu yosiyanasiyana. Pa muyeso umenewu mndandanda wa malonda ndi mboni yofooka, chifukwa umanena za sabata imodzi, ndipo sutha kusiyanitsa amene anagula atamvetsera mwachidwi ndi amene anangotengeka ndi wailesi. Komabe Norum nayenso sangakhale woweruza wosakondera, ngakhale luso analidziwa bwino, popeza gitala yokwiriridwayo inali yake yomwe.

Chotsala ndi umboni wa nthawi, ndipo umenewu, mosiyana ndi mndandanda, sutenga chimbale chonse ngati chinthu chimodzi. Kalizidwe ka kiyibodi ka m'nyimbo ya The Final Countdown, kamene woimba wa gululo Joey Tempest anapeka, komwe ndi komwe Norum ankakayika nako, kakumvekabe m'mabwalo a masewera padziko lonse, ngakhale pakati pa anthu osalidziwa gululo, pamene nyimbo zambiri za m'chimbalecho, kupatulapo zochepa monga Carrie imene inafika pa nambala 3 ku America, zimakumbukiridwa makamaka ndi otsatira gululo okha.